Tsoka ndi limodzi, makhoti ndi ambiri: dandaulo lanu n'lopita nalo kuti?

Chaka china mvula itangoyamba, mlamu wanga, mphunzitsi wa ku pulayimale kwathu ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, analandira kalata yomuchotsa ntchito. Anaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kuiika m'kajumbo kuti isanyowe. M'mawa mwake anapalasa njinga kupita ku khoti la pa boma. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo. Nthawi yake itakwana, kalaliki sanawerenge n'komwe kalata yonse. Anangoyang'ana chidindo chili m'munsicho n'kunena kuti: "Aphunzitsi, iyi si yathu. Iyi ndi ya ku Administrativo, ku Tete." Mlamuyo anabwera kunyumba atakwiya, akuganiza kuti amukankha chabe. Koma kalaliki uja ananena zoona.

Mwezi womwewo mnyamata wina wa m'mudzi mwathu, yemwe ankayendetsa galimoto pa kampani ina ku Moatize, nayenso anachotsedwa ntchito. Iyeyu palibe anamutchulira za Administrativo. Anamuuza kuti ayambire ku CEMAL, malo oyanjanitsira antchito ndi mabwana awo, zikakanika kumeneko apite ku khoti wamba. Anthu awiri, tsoka lofanana, makomo osiyana.

Pawailesi timamva kuti Tribunal Administrativo yakana visto, Conselho Constitucional yagamula za zisankho, khoti la alfândega lalanda katundu, tribunal comunitário yayanjanitsa banja. Onsewa timangowatchula kuti khoti, ngati kuti ndi nyumba imodzi ya zipinda zambiri. Si nyumba imodzi. Ndipo chimene chimasankha khomo loti mugogode si kukula kwa ululu wanu, koma funso ili: wakulakwiraniyo ndani, nanga pokulakwiranipo anachita ngati munthu mnzanu, kapena anali atagwira chidindo cha Boma?

Mitengo iwiri, uliwonse ndi mizu yake

Kumudzi zimenezi sitidabwa nazo. Mwamuna ndi mkazi akayambana, nkhani imayambira kwa ankhoswe, sithamangira kwa mfumu. Malire a munda ndi a nyakwawa. Zakudambwe sizikambidwa pabwalo pomwe pali ana ndi alendo, zili ndi eni ake. Palibe amene amati ankhoswe alanda ntchito ya mfumu. Boma nalonso linagawa milandu m'njira yofananako, kungoti linalemba m'Chipwitikizi.

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique, omwe anavomerezedwa mu 2004, amatchula Tribunal Supremo, Tribunal Administrativo ndi makhoti wamba otchedwa tribunais judiciais. Amanenanso kuti pangathe kukhala makhoti a ntchito, a misonkho, a kasitomu, a zam'madzi, a m'midzi, ndiponso oweruza amene okanganawo amasankha okha. Makhoti a asilikali amaloledwa pa nthawi ya nkhondo yokha.

Mtengo woyamba ndi umene ambiri timaudziwa. Wakuberani mbuzi, wakumenyani, wakana kubweza ngongole, mukulimbirana chuma cha masiye: mlandu umayambira pa boma kapena ku Tribunal Judicial da Província de Tete, malinga ndi kukula kwake. Pamwamba pake pali Tribunal Superior de Recurso, yomwe kwa ife a chigawo chapakati ili ku Beira, ndipo kunsonga kuli Tribunal Supremo ku Maputo.

Mtengo wachiwiri ndi wa milandu ya pakati pa nzika ndi Boma. Umayambira ku Tribunal Administrativo da Província de Tete n'kukathera ku Tribunal Administrativo ya ku Maputo. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka: Tribunal Supremo, ngakhale dzina lake likumveka ngati lalikulu kuposa onse, silingasinthe chigamulo cha Tribunal Administrativo. Mtengo uliwonse uli ndi nsonga yake.

Kugawa kumeneku sikunayambire kuno. Ku France, pa nthawi yomwe anthu anaukira ufumu, anakhazikitsa lamulo mu 1790 loletsa oweruza wamba kulowerera ntchito za olamulira, chifukwa makhoti akale ankatsekereza zosintha zomwe boma linkafuna. Koma odandaula za boma sanathe. Choncho mu 1799, Napoleon atatenga ulamuliro, panabadwa Conseil d'État, bungwe lolangiza boma lomwe pang'onopang'ono linasanduka khoti loweruza boma lomwelo. Dziko la Portugal linatengera njira imeneyi n'kubwera nayo kuno pa nthawi ya utsamunda. Ufulu utabwera mu 1975 khotili silinathetsedwe. Malamulo aakulu a 1990 analipatsa malo ake, ndipo lamulo nambala 5/92 linalongosola kagwiridwe kake ka ntchito. Kwa zaka zambiri linali ku Maputo kokha, moti munthu wa ku Chifunde kapena ku Zumbo wofuna kutsutsa chigamulo cha Boma ankayenera kutumiza mapepala ake ulendo wa makilomita oposa 1500. Lamulo la 2009 ndi lomwe linatsegula njira yoti makhoti amenewa akhale m'zigawo.

Ife a m'malire timamvera kwambiri wailesi za ku Malawi, ndiye chisokonezo china chimachokera kumeneko. Kumeneko anatengera njira ya Angerezi: munthu akafuna kutsutsa nduna kapena ofesi ya boma amapita ku High Court yomweyo imene imazenganso milandu ina ikuluikulu. Mtengo ndi umodzi, nthambi zokha ndi zomwe zimasiyana. Zomwe mwamva pawailesi ya ku Lilongwe musapite nazo ku Tete.

Bwalo loweruza chidindo

Mutu wa ntchito ya Tribunal Administrativo ndi chinthu chomwe maloya amachitcha acto administrativo. Tinene kuti ndi chigamulo chomwe ofesi ya Boma yapanga pogwiritsa ntchito mphamvu zake, chokhudza munthu wodziwika pa nkhani yodziwika. Kukuchotsani ntchito ya Boma, kukukanizani chiphaso cha malonda, kukulandani malo, kukuikani pa mlingo wolakwika wa malipiro monga ambiri anadandaulira Tabela Salarial Única itayamba mu 2022, kupereka kontirakiti yomanga sukulu kwa wina pomwe munapambana ndinu: zonsezi ndi zigamulo za mtundu umenewu. Mphunzitsi, namwino ndi wa zaulimi wolembedwa ndi Boma amayendera malamulo awoawo otchedwa EGFAE, osati lamulo la ntchito la m'makampani. N'chifukwa chake mlamu wanga ndi dalaivala uja analozeredwa makomo osiyana.

Nanga khotili limayang'ana chiyani? Taganizani za munthu woyesa masikelo pamsika wa kachewere ku Tsangano. Sakuuzani mtengo woti mugulitsire. Sanena kuti kachewere wanu ndi wabwino kapena woipa. Amangoona ngati sikelo sinapotozedwe. Woweruza wa Administrativo nayenso safunsa ngati chigamulo chinali chanzeru kapena chachifundo, amafunsa ngati chinali m'lamulo. Kodi amene anasainayo anali ndi mphamvu zosainira? Kodi ndondomeko inatsatidwa? Kodi zifukwa zinalembedwa? Kodi mphamvuzo zinagwiritsidwa ntchito pa cholinga chomwe lamulo linaziperekera, kapena munthu anangofuna kubwezera mnzake? Pa nkhani ya mlamu wanga, funso silinali lakuti amaphunzitsa bwino kapena ayi. Funso linali lakuti asanamuchotse anamupatsa kalata yomuuza mlandu wake, ndipo anamulola kudziteteza. Khoti likapeza kuti sikelo inapotozedwa limafafaniza chigamulocho, ndipo pali njira yopemphera chipukutamisozi ngati Boma lakuonongerani zinthu mophwanya lamulo.

Musanafike kukhoti pali masitepe a m'kati mwa Boma momwemo. Pali reclamação, yomwe ndi kubwerera kwa amene anagamulayo n'kumupempha kuti aganizenso. Pali recurso hierárquico, kukadandaula kwa wamkulu wake. Masiku ano funso lakuti wamkulu wake ndani silophweka ngati kale, chifukwa kuchokera pomwe malamulo aakulu anasinthidwa mu 2018 chigawo chili ndi Governador wochita kusankhidwa ndi anthu komanso Secretário de Estado woikidwa ndi Pulezidenti, aliyense ndi maofesi ake. Ndaonapo anthu ophunzira bwino akuima pakhomo la ofesi osadziwa kuti kalata yawo ailembere yani.

Koma chomwe chimagwetsa milandu yambiri ndi nthawi. Mlamu wanga atafika ku IPAJ, bungwe la Boma lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 kuti lizithandiza kwaulere anthu osowa ndalama ya loya, anakonzeka kufotokoza mbiri yonse kuyambira tsiku lomwe anakangana ndi mkulu wake. Womuthandizayo anamudula: "Bambo, tikamba zonsezo. Choyamba ndiuzeni, kalatayi munailandira tsiku lanji?" Lamulo nambala 7/2014, lomwe limayendetsa milandu ya m'khotili, limapereka masiku 90 otsutsira zigamulo zambiri. Masikuwo sadikira kuti mukolole chimanga mupeze ya shapa. Sadikira kuti amalume abwere ku Joni mudzakambirane. Munthu amene wataya miyezi iwiri akugogoda khomo lolakwika watsala ndi mwezi umodzi. Pali zigamulo zina zolakwika kwambiri moti lamulo limaziona ngati sizinakhalepo n'komwe, ndipo zimenezo zikhoza kutsutsidwa nthawi ina iliyonse, koma si nzeru kudalira kuti chanu chili m'gulu limenelo.

Chinanso chomwe ambiri sadziwa n'chakuti kukhala chete kwa ofesi nakonso kuli ndi tanthauzo. Mukalemba pempho, ofesi osayankha mpaka nthawi yoikika kudutsa, pa nkhani zambiri lamulo limakulolani kutenga chete ameneyo ngati kukana, n'kukamutsutsa. Koma muyenera kukhala ndi umboni wa tsiku lomwe munapereka pempholo. Kopi yanu yodindidwa pa tsiku lolandira, kapepala komwe ambiri timakulungira mtedza, ndi kamene kamatsegula khomo.

Nkhani ya malo imaonetsa bwino mmene mitengo iwiriyi imasiyanirana. Kuno malo onse ndi a Boma, munthu amakhala ndi ufulu wowagwiritsa ntchito wotchedwa DUAT. Lamulo la malo la 1997 limati ufuluwu umapezeka m'njira zitatu: kukhala pamalo motsatira mwambo wa makolo, kukhalapo mwa mtima woona kwa zaka zosachepera 10, kapena kupatsidwa ndi Boma mutapempha. Limavomerezanso umboni wapakamwa wa anthu a m'deralo ngakhale palibe pepala. Tsono mnansi wanu akasuntha malire usiku n'kulima mizere isanu m'munda mwanu, imeneyo ndi nkhani ya kwa nyakwawa, ya tribunal comunitário kapena ya khoti wamba. Koma ofesi ya Boma ikapereka DUAT kwa mlendo pamunda womwe agogo anu anagona, osafunsa anthu a m'mudzi monga lamulo limanenera, chomwe mukulimbana nacho ndi chidindo. Imeneyo ndi ya ku Administrativo. Munda ndi womwewo, misozi ndi yomweyo, makhoti ndi awiri.

Anthu ena anadabwa kumva kuti kampani ya mgodi yazengedwa mlandu ku Administrativo, pomwe si Boma. Mbiri yake ndi iyi. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale inasamutsa mabanja oposa 1300 ku Moatize kupita ku Cateme ndi ku 25 de Setembro. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda, ndipo m'chaka chomwecho Boma linatulutsa Decreto 31/2012 yolongosola mmene kusamutsa anthu kuyenera kuchitikira. Malamulo amenewa ndi a kayendetsedwe ka Boma, ndipo khoti la Administrativo lili ndi mphamvu yolamula ofesi, kampani yogwira ntchito ndi chilolezo cha Boma, ngakhale munthu wamba, kuti awatsatire. Ndi njira imeneyi yomwe mu 2018 khotili linalamulira kampani ya Jindal kuti isamutse mabanja a ku Cassoca, ku Marara, omwe ankakhala m'kati mwa dera la mgodi wa malasha.

Visto: loko wachiwiri pabokosi

Aliyense amene ali ndi m'bale wolembedwa kumene ntchito ya Boma anamvapo mawu akuti "tikudikira visto". Ambiri amaganiza kuti ndi mlandu. Si mlandu.

Tribunal Administrativo ya ku Maputo ili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi cha milandu yomwe tafotokozayi. Chachiwiri ndi cha misonkho ndi kasitomu. Chachitatu ndi cha ndalama za Boma, ndipo kumeneko ndi kwawo kwa visto, ngakhale kuti mapepala ambiri a m'chigawo amaonedwa ku Tete komweko. Boma likafuna kulemba munthu ntchito kapena kusaina kontirakiti, khoti limayamba laona zinthu ziwiri: kodi zachitika motsatira lamulo, nanga ndalama yake ilipo m'bajeti? Likakhutira limadinda. Amayi a m'magulu osunga ndalama amaidziwa bwino nzeru imeneyi. Bokosi limakhala ndi maloko angapo, makiyi ali kwa anthu osiyana, kuti msungichuma yekha asatsegule. Kuipa kwake n'kwakuti wosunga kiyi mmodzi akachedwa, gulu lonse limadikira. Pofuna kuchepetsa vutoli lamulo limalola antchito ena ofunika mwachangu, monga aphunzitsi ndi azaumoyo, kuyamba ntchito visto isanatuluke.

Chigawo chomwechi chimafufuzanso mabuku a maofesi ndalama zitagwiritsidwa kale ntchito, chimatha kulipiritsa chindapusa kapena kulamula wamkulu wa ofesi kubweza ndalama, ndipo chaka chilichonse chimalemba maganizo ake pa Conta Geral do Estado, lipoti la ndalama zonse za Boma, Nyumba ya Malamulo isanalikambirane. M'maiko ena a Chipwitikizi, monga Portugal ndi Angola, ntchito imeneyi ili ndi khoti lakelake lotchedwa Tribunal de Contas. Kuno zonse zili pansi pa denga limodzi.

Misonkho ndi zipata za m'malire

Chigawo cha Tete chili ndi zipata zambiri: Zóbuè ndi Calómuè zolowera ku Malawi, Cassacatiza yopita ku Zambia, Cuchamano yopita ku Zimbabwe. Wochita malonda aliyense amadziwa wina amene katundu wake anagwidwapo. Milandu yophwanya malamulo a kasitomu, monga kudutsitsa katundu m'njira zachidule kapena kunama mtengo wake kuti msonkho uchepe, ili ndi makhoti akeake otchedwa tribunais aduaneiros, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2001. Mikangano ya misonkho ya m'dziko, monga pamene Autoridade Tributária, bungwe lotolera misonkho, yakuwerengerani msonkho womwe inu mukuti ndi wolakwika, imapita ku tribunais fiscais, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2004. Onse awiri ndi nthambi za mtengo wa Administrativo, apilo yawo imapita ku chigawo chachiwiri chija. Chifukwa chowapatulira n'chosavuta kumva: milandu yake ndi ya masamu ndi mindandanda ya katundu, ndipo woweruza amene dzulo amazenga mlandu wakupha sangadziwe zonsezo pamtima. Katundu akagwidwa, chomwe chimayambitsa mlandu ndi pepala lolembedwa pogwirapo, auto de apreensão. Wobwerera kunyumba wopanda pepala limenelo alibe poyambira.

Ntchito ya pakampani

Tibwerere kwa dalaivala uja. Iye amayendera Lei do Trabalho, lomwe latsopano lake ndi nambala 13/2023. Makhoti a ntchito ali ndi mbiri yodabwitsa: lamulo lowakhazikitsa linatuluka mu 1992, koma oyamba anatsegulidwa mu 2019, mumzinda wa Maputo ndi m'chigawo cha Maputo. Zaka 27 khoti lili papepala. Kumene sanatsegulidwe, milandu ya ntchito imazengedwa ndi mbali ina ya khoti wamba yotchedwa secção laboral, ndipo apilo yake imakwera mtengo woyamba uja mpaka ku Tribunal Supremo.

CEMAL si khoti. Ndi malo oyanjanitsira, nthambi ya m'chigawo ya bungwe la COMAL lomwe linakhazikitsidwa mu 2009, momwe muli Boma, olemba ntchito ndi mabungwe a antchito. Ntchito yake ndi ya ankhoswe: amakhazika pansi wantchito ndi bwana, aliyense anene zake, n'kufunafuna pogwirizana. Mkhalapakati sagamula kuti wolakwa ndi uyu. Mukagwirizana mumasainirana, mukalephera amakupatsani pepala lotchedwa certidão de impasse. Lamulo la ntchito la 2007 linkakakamiza kuti mlandu uyambe wadutsa kumeneko, koma mu 2011 Conselho Constitucional inagamula pa mlandu wina kuti kukakamiza koteroko kukutsekereza ufulu wa munthu wopita kukhoti. Ngakhale zili choncho ambiri amayambirabe ku CEMAL chifukwa n'kofulumira. Okonda njirayi amati munthu amene ana ake akugona ndi njala sangadikire zaka. Oikayikira amati njala yomweyo ndi imene imamuchititsa kuvomera theka la zomwe lamulo likanamupatsa. Onse awiri akunena zomwe anaona.

Khoti la pansi pa mtengo

Ufulu utangobwera, lamulo la 1978 linakhazikitsa tribunais populares, makhoti a anthu, kuyambira kumudzi mpaka pamwamba. Kumudzi oweruza anali anthu wamba osankhidwa ndi anzawo. Malamulo aakulu a 1990 atabweretsa makhoti oima paokha a oweruza ophunzira zamalamulo, makhoti a kumudzi aja anachotsedwa pa mtengo wa makhoti wamba, ndipo lamulo nambala 4/92 linawapatsa dzina latsopano la tribunais comunitários.

Amenewa saweruza potsegula mabuku a malamulo. Amayendera chilungamo chodziwika kwa aliyense, nzeru ndi mwambo wa pamalopo, ndipo ntchito yawo yoyamba ndi kuyanjanitsa. Amamva mikangano ing'onoing'ono, nkhani za mabanja omangidwa mwa mwambo, ndi zolakwa zazing'ono zosafika potsekera munthu m'ndende. Sangamange munthu. Lamulo la 1992 linawalola kudzudzula wolakwa pagulu, kumugwiritsa ntchito yothandiza mudzi kwa masiku osapitirira 30, kumulamula kubwezera zomwe waononga, kapena kumulipiritsa chindapusa chosapitirira mametikali 10 000. Amenewo anali mametikali akale. Ndalama itasinthidwa mu 2006, mazilo atatu n'kuchotsedwa, chindapusa chija chinasanduka mametikali 10, osakwana ndi botolo la fanta lomwe. Amene sanakhutire ndi chigamulo ali ndi ufulu wopita ku khoti la pa boma. Kugwiririra, kupha, kuvulaza kwambiri ndi kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18, komwe lamulo la 2019 linakusandutsa mlandu, si nkhani zothera pansi pa mtengo.

Gawo 4 la malamulo aakulu a 2004 limavomereza poyera kuti m'dziko muno muli njira zosiyanasiyana zothetsera mikangano, bola zisatsutsane ndi mfundo zikuluzikulu za malamulowo. Ndi chifukwa chake mfumu, nyakwawa, mlembi wa bairro ndi tribunal comunitário amapezeka m'mudzi umodzi, nthawi zina akugwirizana, nthawi zina akulimbirana mlandu womwewo.

Zisankho ndi ngongole zobisika

Conselho Constitucional ili payokha, si nsonga ya mtengo uliwonse mwa iwiri ija. Inayamba kugwira ntchito mu 2003 ndipo ili ndi oweruza 7: wapampando amasankhidwa ndi Pulezidenti, asanu ndi Nyumba ya Malamulo molingana ndi mipando ya zipani, mmodzi ndi bungwe loyang'anira oweruza. Imaona ngati malamulo sakutsutsana ndi malamulo aakulu, ndipo ndi yomaliza kulankhula pa zisankho. Madandaulo a chisankho amayambira ku khoti la pa boma, m'maola 48 okha, kenaka n'kukwera ku Conselho. Pa zisankho za matauni za pa 11 Okutobala 2023, makhoti ena a pa boma analamula kuwerenganso mavoti kapena kuvotanso, koma Conselho inati mphamvu yofafaniza chisankho ndi yake yokha. Oweruza ena a makhoti wamba sanagwirizane nazo, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo n'kuchepetsa mphamvu za makhoti a pa boma pa nkhaniyi.

Ngongole zobisika za pafupifupi madola 2 biliyoni, zomwe zinaululika mu 2016, zikuonetsa mmene nkhani imodzi ingagawikire. Conselho Constitucional inagamula mu 2019 ndi mu 2020 kuti zikalata za ngongole za makampani a Boma a EMATUM, ProIndicus ndi MAM zinalibe mphamvu ya lamulo. Ofesi yoimira Boma pa milandu, Procuradoria-Geral da República, inapita ku Tribunal Administrativo kukapempha kuti ione udindo wa akuluakulu pa kayendetsedwe ka ndalama za Boma. Mlandu waupandu unazengedwa ndi khoti wamba la mzinda wa Maputo, ndipo mu Disembala 2022 anthu 11 mwa 19 anapezeka olakwa. Khoti lililonse linayankha funso lakelake.

Mafunso omwe adakali poyera

Loyamba ndi la kuima paokha. Wapampando wa Tribunal Administrativo amasankhidwa ndi Pulezidenti n'kuvomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo, chimodzimodzi wa Tribunal Supremo. Ena amati amene ntchito yake ndi kuweruza Boma sayenera kulandira mpando kuchokera kwa mtsogoleri wa Boma lomwelo, ndipo makhoti azikhala ndi thumba lawolawo la ndalama. Ena amati oweruza akamasankhana okha palibe amene angawafunse kanthu. Nkhaniyi ili m'gulu la zomwe zikukambidwa kutsatira mgwirizano wa zipani wa pa 5 Malichi 2025, pamodzi ndi maganizo ogawa Tribunal Administrativo kuti mbali ya ndalama ikhale Tribunal de Contas, ndi osandutsa Conselho Constitucional kukhala khoti lenileni. Kodi kusintha maina ndi nyumba kudzafulumizitsa visto ya mphunzitsi wa ku Macanga, kapena kudzangowonjezera makomo ogogoda?

Lachiwiri ndi la kukwaniritsa chigamulo. Khoti likalamula munthu wamba pamakhala apolisi ndi olanda katundu. Likalamula ofesi ya Boma kapena kampani yaikulu, ofesiyo n'kumazengereza, amaikakamiza ndani, nanga ndi chiyani? Provedor de Justiça, mkulu womva madandaulo a anthu okhudza maofesi a Boma, yemwe woyamba anasankhidwa mu 2012, amalandira madandaulo otere kwaulere, koma iye amangolangiza, salamula.

Lachitatu ndi la mtunda ndi chilankhulo. Makhoti apadera amapereka oweruza odziwa bwino nkhani yawo, koma amakhala ochepa ndiponso m'mizinda. Kuchokera ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo wa ku Zumbo amayenda kuposa kawiri pamenepo. Milandu imazengedwa m'Chipwitikizi, pomwe ambiri m'chigawo chino amaganiza ndi kulira m'Chichewa, m'Chinyungwe kapena m'Chisena. Womasulira amaperekedwa, koma mawu ngati acto administrativo alibe mnzake wokhazikika m'chilankhulo chathu, womasulira aliyense amapeka ake. Chabwino n'chiti: woweruza wa pafupi amene amadziwa pang'ono za chilichonse, kapena katswiri wokhala kutsidya kwa Zambezi?

Ndipo pali funso lomwe mlamu wanga anafunsa atabwerako ku Tete, lomwe mpaka pano sindinamve woliyankha mokhutiritsa. Ngati Boma ndi limene linagawa makhoti, n'chifukwa chiyani mtolo wodziwa khomo loyenera uli pamutu pa wodandaula? Sizingatheke kuti khoti la pa boma lizilandira pepala lililonse, kulidinda tsiku lomwelo kuti masiku 90 aja aime, kenaka n'kulitumiza lokha kumene likuyenera kupita?